Kuphunzira Chitagalogi: n'chifukwa chiyani mneni amasintha pomwe nkhani ndi yomweyo?

Nachisale:
Moni nonse apagulu pano. Ndine namwino kuno ku Leeds, ndipo m'wodi momwe ndimagwira ntchito muli anzanga ambiri ochokera ku Philippines, moti ndinaganiza zoyamba kuphunzira Chitagalogi kuti ndisamangokhala duu iwo akamacheza pa nthawi yopuma. Malonje ndi mayina a zakudya sizinandivute, koma nditafika pa aneni ndaima. Buku lomwe ndikugwiritsa ntchito, lolembedwa m'Chingerezi, likupereka ziganizo ziwiri izi: "Bumili ang babae ng isda" ndi "Binili ng babae ang isda". Likunena kuti choyamba chikutanthauza kuti mayi anagula nsomba, pomwe chachiwiri chikutanthauza kuti nsomba inagulidwa ndi mayi. Chondizunguza mutu n'chakuti anzanga aja amakonda kulankhula mwa njira yachiwiriyi, ngakhale pa nkhani wamba monga kutenga kiyi ya kabati ya mankhwala. Kodi n'zoona kuti mtundu wonse wa anthu umalankhula ngati kuti zinthu zimangochitidwa, kapena bukuli likundisocheretsa?

Bambo Gondwe:
Zikomo mayi Nachisale pofunsa funso limeneli, chifukwa apa ndi pomwe ophunzira ambiri amakodwa. Ine ndinachita maphunziro a unsembe ku Tagaytay, kummwera kwa Manila, ndipo ndinganene kuti kumasulira kwa bukulo ndi kumene kukukusokonezani. Chiganizo cha Chitagalogi kawirikawiri chimayamba ndi mneni, mayina n'kubwera pambuyo, ndipo dzina lililonse limatsogozedwa ndi kamawu kosonyeza udindo wake. Timawu timeneti ndi "ang", "ng" ndi "sa". Kachiwirika kamalembedwa ndi malembo awiri okha koma kamamveka ngati "nang'", ndi liwu lija la m'mawu akuti ng'ombe. Pa mayina a anthu timawuti timasanduka "si", "ni" ndi "kay".

M'chiganizo muli dzina limodzi lomwe wolankhula walisankha kuti nkhani ilunjike pa ilo, ndipo limenelo ndi lomwe limatenga "ang". Ntchito ya mneni ndi kuuza womvera kuti dzina losankhidwalo lili pa udindo wanji m'nkhaniyo, kaya ndi wochita, chochitidwa, malo kapena wochitiridwa. Tsinde la mneni wanuyo ndi "bili". Mukalowetsa "-um-" pambuyo pa lembo loyamba n'kukhala "bumili", mukunena kuti wotenga "ang" ndi wogula. Mukalowetsa "-in-" n'kukhala "binili", mukunena kuti chotenga "ang" ndi chogulidwa. Komatu mayiyo sanakankhidwire kumbali monga zimakhalira tikati nsomba inagulidwa, iye akadali wochita yemwe womvera akumuona bwinobwino. Kusiyana kwenikweni kuli pa nsombayo: m'chiganizo choyamba ndi nsomba ina iliyonse, pomwe m'chachiwiri ndi nsomba yomwe wolankhula ndi womvera akuidziwa kale. Mnzanu akati "Kinuha ko ang susi" sakunena kuti kiyi inatengedwa ndi iye, akungonena kuti watenga kiyi ija, ndipo poti kiyi ya kabati ndi imodzi yodziwika kwa nonse, palibe njira ina yachibadwa yonenera zimenezo.

Mphunzitsi Mbewe:
Ine Chitagalogi sindichilankhula, koma ndinaphunzitsa malamulo a Chichewa kusekondale mpaka kupuma, ndipo zomwe mwafotokozazi, abambo, sizikumveka zachilendo kwenikweni. Ife timati "ndinagula nsomba" tikamanena za nsomba wamba, koma timati "ndinaigula nsomba ija" pamene nsombayo ikudziwika, ndipo kamgwirizanitsi "-i-" kolowa m'mneni ndi komwe kamanyamula kusiyanako. Palibe amene angamve "ndinaigula" n'kuganiza kuti wogula wasowa m'chiganizo. Ndiye ngati ndamva bwino, "bumili ako ng isda" akuyandikira "ndinagula nsomba", pomwe "binili ko ang isda" akuyandikira "ndinaigula nsomba ija". Chomwe ndikufuna kudziwa n'chakuti, mwatchula za malo ndi za wochitiridwa, kodi mneni amasinthanso pa zimenezo monga amachitira wathu mu msintho womuchitira?

Chikondi wa ku Los Baños:
Amasintha ndithu, aphunzitsi. Ine ndikuchita maphunziro a ulimi wa mpunga kuno ku Los Baños, m'chigawo cha Laguna, komwe kulinso likulu la bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, ndipo ziganizo zotere ndimazimva tsiku ndi tsiku pamsika. Tsinde lomwe lija la "bili" limapereka "Ibinili ng babae ng isda ang bata", kutanthauza kuti mayi anagulira mwana nsomba, ndipo apa "ang" wapita kwa mwana. Limaperekanso "Ipinambili ng babae ng isda ang pera", pomwe "ang" wapita ku ndalama, kutanthauza kuti ndalamazo ndi zomwe mayi anagulira nsomba. Palinso "binilhan", yemwe mabuku amati amaloza malo kapena munthu yemwe mwagulako chinthu. Koma m'malankhulidwe a masiku onse "binilhan" ndi yemwe ndimamumva kwambiri pa wochitiridwa: mayi akati "Binilhan ko siya ng sapatos" akunena kuti wamugulira mwana nsapato, ndipo aliyense amamva choncho.

Mphunzitsi Mbewe:
Pamenepo ndiye mwandifika pamtima, a Chikondi. Taonani zomwe mphatikira wathu "-ir-" kapena "-er-" amachita: "mayi anagulira mwana nsomba" akuloza wochitiridwa, "mpeni uwu ndi womwe ndimadulira nyama" akuloza chipangizo, ndipo "pamsika pano ndi pomwe timagulira nsomba" akuloza malo. Ntchito zitatu zomwe Chitagalogi chazigawa kwa aphatikira osiyana, ife tazisenzetsa mphatikira mmodzi. Chingerezi chilibe zoterezi m'mneni, chimadalira aperekezi oima paokha, ndipo n'chifukwa chake buku lolembera Mngerezi limathawira ku msintho wochitidwa, poti ndi wokhawo womwe mwini wake akuudziwa. Maganizo anga ndi akuti mayi Nachisale asamadutsire ku Chingerezi pophunzira aneniwa. Azilemba chiganizo cha Chitagalogi, pansi pake n'kulemba cha Chichewa, chifukwa mutu wa munthu wolankhula Chichewa unazolowera kale kuti mneni amavala zinthu zosintha udindo wa mayina.

Kamanga:
Ndikugwirizana nanu pang'ono chabe, aphunzitsi, ndipo mundilole ndichenjeze, chifukwa kufanana kumeneku kuli ndi malire ake. Ine ndimagwira ntchito ya zamagetsi ku Doha pamodzi ndi Afilipino ambiri, ndipo chomwe ndaona n'chakuti Chichewa chimatithandiza kumvetsa ganizo koma chimatisiya pamene tatsegula pakamwa. Kwathu wochita amadziwika ndi malo ake m'chiganizo komanso ndi mgwirizanitsi wa gulu la dzina. M'Chitagalogi mulibe magulu a mayina, mneni sasamala kuti wochita ndi ine kapena inu, ndipo kuchuluka kwa zinthu amangokusonyeza ndi kamawu kakuti "mga", kotchulidwa ngati "mang'a". Zimenezi zimapeputsa ntchito mbali imodzi, koma katundu yense amagwera pa alowam'malo, omwe ali m'magulu atatu motsatira "ang", "ng" ndi "sa". Ine ndi "ako", "ko" kapena "akin". Iwe ndi "ikaw" kapena "ka", "mo", "iyo". Iye ndi "siya", "niya", "kaniya". Mukasankha mneni wina n'kuika mlowam'malo wa gulu lina, tanthauzo limatembenuka. "Kumain ako ng isda" ndi kunena kuti ndinadya nsomba, koma "Kinain ako ng isda" ndi kunena kuti nsomba inandidya. Malembo awiri okha ndi omwe asintha, ndipo palibe "-ir-" wa Chichewa amene angakupulumutseni pamenepo.

Nachisale:
Ndiye a Kamanga, kodi sindingangogwiritsitsa njira imodzi ya "bumili ako" ndi "kumain ako" mpaka nditazolowera, zinazo n'kudzaziona m'tsogolo? Anthu sangandimve?

Kamanga:
Angakumveni pa ziganizo zochepa, achemwali, koma mudzakakamira mukangofuna kufunsa funso. Lamulo lake n'lakuti chinthu chomwe mukufunsa ndi "sino" (ndani) kapena "ano" (chiyani) chiyenera kukhala chomwe mneni akuloza. Pofunsa za wogula mumati "Sino ang bumili ng isda?", koma pofunsa za chogulidwa simungachitire mwina koma kunena kuti "Ano ang binili mo?" Chimodzimodzinso pofotokoza dzina: nsomba yomwe ndinagula ndi "ang isdang binili ko", ndipo "bumili" sangalowepo. Pantchito yanu mafunso ambiri ndi a mtundu womwewu, monga wamwa chiyani, wapereka chiyani, walemba chiyani, choncho kuzengereza aneni oloza chochitidwa n'kudzitsekera theka la zomwe mukufuna kulankhula. Ndi bwino kuphunzira tsinde lililonse ndi maonekedwe ake awiri nthawi imodzi, mlowam'malo ali pomwepo: "kumain ako" ndi "kinain ko", "uminom ako" ndi "ininom ko".

Bambo Gondwe:
A Kamanga akunena zoona, ndipo mkangano womwe wabuka pakati pa iwo ndi aphunzitsi ulipo ngakhale pakati pa akatswiri a ziyankhulo, omwe akhala akutsutsana kwa zaka zambiri ngati dzina lotenga "ang" liyenera kutchedwa mwininkhani. Buku la malamulo a Chitagalogi lomwe Paul Schachter ndi Fe Otanes anatulutsa mu 1972 likadali lodalirika kwa wofuna kuzama, ngakhale kuti silinalembedwere woyamba kumene. Mwina mungakondenso kudziwa kuti kalankhulidwe kotere sikali kutali ndi kwathu monga tingaganizire. Chimalagasi cha ku Madagascar, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Mozambique, ndi cha banja limodzi ndi Chitagalogi, ndipo nachonso chimayamba ndi mneni yemwe amasintha motsatira dzina losankhidwa.

Koma ndionjezere mbali ina yomwe mayi Nachisale akumana nayo posachedwa, ya nthawi za aneni. Ife tili ndi nthawi zambiri zomwe timazisiyanitsa bwino: ndinadya, ndadya, ndimadya, ndikudya, ndidya, ndidzadya. Mneni wa Chitagalogi safunsa kuti ntchito inachitika liti, amafunsa ngati yayamba komanso ngati yatha. "Kumain" ndi ntchito yotha, "kumakain" ndi yoyamba koma yosatha, ndipo "kakain" ndi yomwe sinayambe. Chinsinsi chake ndi kubwereza phatikizo loyamba la tsinde: kawirikawiri mukamva kubwereza, ndiye kuti ntchitoyo sinathe. Onaninso kuti "-um-" amasowa pa ntchito yosayamba, choncho timapeza "bumili", "bumibili", "bibili". Aneni ena, omwe amatenga "mag-" m'malo mwa "-um-", amayenda motere: "nagluto", "nagluluto", "magluluto", pa kuphika. Popeza "kumakain" sanena za lero lokha, chiganizo chakuti "Kumakain ako nang dumating siya" chimatanthauza kuti ndinkadya pamene iye anafika, ndipo "Hindi pa ako kumakain" ndi kunena kuti sindinadyebe.

Kusankha pakati pa "-um-" ndi "mag-" kulibe lamulo limodzi lokwanira, tsinde lililonse mumaloweza ndi mphatikira wake. Komabe pomwe tsinde limodzi likulandira onse awiri, khutu la Mchewa limamva msanga chomwe chikuchitika: "bumili" ndi kugula pomwe "magbili" ndi kugulitsa, "tumayo" ndi kuima pomwe "magtayo" ndi kuimika, "umalis" ndi kuchoka pomwe "mag-alis" ndi kuchotsa.

Chikondi wa ku Los Baños:
Pa nkhani ya "kumakain" pali chinthu chomwe mabuku ambiri satchula. Kuno ku Laguna, komanso ku Batangas ndi ku Cavite, anthu ambiri sanena "kumakain" koma "nakain", mphamvu ya liwu ili pa phatikizo loyamba. Ku Manila "nakain", mphamvu ili pakati, amatanthauza kuti chinthu chadyedwa. Pali nthabwala yodziwika pa zimenezi: munthu wa ku Batangas akafunsa kuti "Nakain ka ba ng pating?" akufuna kudziwa ngati mumadya nsomba ya shaki, koma wa ku Manila amamva ngati akufunsidwa ngati shaki inamudya. Ndatchula izi chifukwa mphamvu ya liwu silembedwa m'malembedwe a masiku onse, pomwe imasintha tanthauzo. "Aso" akhoza kukhala galu kapena utsi, "bukas" akhoza kukhala mawa kapena chotseguka, "baka" akhoza kukhala ng'ombe kapena mwina. Ife izi sizingatidabwitse, poti "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika timawalemba mofanana n'kuwasiyanitsa ndi kamvekedwe. Pomwe tili ndi mwayi weniweni ndi pa mawu oyamba ndi "ng" monga "ngayon", kutanthauza tsopano, ndi "ngipin", kutanthauza dzino. Anzanga ochokera ku Ulaya amavutika nawo, pomwe ife timangotchula ngati ng'oma. Chofunika kukumbukira n'chakuti "ng" wawo ndi "ng'" wathu, ndipo "ng" wathu wa m'mawu akuti ngolo iwo amamulemba "ngg", monga mu "mangga".

Nachisale:
Zikomo nonse, zayamba kumveka. Ndili ndi funso lina la timawu tating'ono tomwe anzanga amatimwaza paliponse, monga "na", "pa", "ba", "po", "daw" ndi "pala". Ndimadziwa kuti "po" ndi ulemu ndipo "ba" ndi funso, koma sindidziwa poti ndiziika. Ndamva "Kumain ka na ba?" komanso "Kumain na ba siya?", ndipo mlowam'malo akuoneka kuti akusuntha popanda chifukwa.

Bambo Gondwe:
Chifukwa chilipo, mayi, ndipo ndi chosavuta. Timawu timeneti pamodzi ndi alowam'malo aafupi timathamangira malo achiwiri m'chiganizo, ndiye kuti pambuyo penipeni pa mawu oyamba, ndipo tikakumana pamenepo timafola motsatira kutalika. Alowam'malo a phatikizo limodzi, "ko", "mo" ndi "ka", amakhala patsogolo, kenaka timawu tija, ndipo alowam'malo a maphatikizo awiri monga "siya", "ako" ndi "niya" amatsekera. N'chifukwa chake "ka" watsogolera "na ba" pomwe "siya" wabwera pambuyo pake. Mukayamba chiganizo ndi "hindi", mawu okanira, gulu lonselo limasamuka n'kukhala pakati pa "hindi" ndi mneni, monga mu "Hindi ko pa nakita", kutanthauza kuti sindinachionebe. Pa matanthauzo, Chichewa chimathandizanso kuposa Chingerezi. "Na" ndi "kale" kapena "tsopano", "pa" ndi "-be" wathu wa mu "ndikudyabe", "daw" kapena "raw" ndi "akuti" wonena zomwe mwangomva kwa ena, ndipo "pala" ndi "kani" wodabwa, moti "Ikaw pala!" ndi "Ndiwe kani!"

Pa ulemu, "po" yekha sakwanira. Munthu wamkulu simumutcha "ka" kapena "ikaw" koma "kayo", yemwe ndi mlowam'malo wa anthu ambiri, monga momwe ife timanenera "inu" kwa munthu mmodzi. Wodwala wachikulire mungamufunse kuti "Kumain na po ba kayo?" Nayenso "siya" ali ngati "iye" wathu, sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Pomwe Chichewa sichingakuthandizeni ndi pa "ife", chifukwa iwo ali ndi awiri: "tayo" amaphatikiza yemwe mukulankhula naye, "kami" amamusiya kunja. Kutchalitchi kusiyanaku kumamveka bwino. Wansembe poitana mpingo amati "Manalangin tayo", tiyeni tipemphere tonse, koma pemphero la Atate athu limayamba ndi "Ama namin", osati "Ama natin", chifukwa tikulankhula kwa Mulungu ndipo iye sali m'gulu la ana akewo. Mukauza mnzanu kuti "Kakain kami" mwamuuza kuti mukukadya ndi ena, iye atsale, pomwe "Kakain tayo" ndi kumuitana.

Kamanga:
Ndionjezere chenjezo limodzi pa "po". Si Mfilipino aliyense amene Chitagalogi ndi chiyankhulo cha makolo ake. Dzikolo lili ndi ziyankhulo zoposa 100, ndipo zina monga Cebuano, Ilocano ndi Hiligaynon zili ndi olankhula mamiliyoni. Chitagalogi chinasankhidwa mu 1937, pa nthawi ya Pulezidenti Manuel Quezon, kuti chikhale maziko a chiyankhulo cha fuko. Mu 1959 chiyankhulocho chinatchedwa Pilipino, ndipo malamulo a dziko a mu 1987 amachitcha Filipino. Galamala yomwe tikukambiranayi ndi yomweyo kaya buku lalemba Tagalog kapena Filipino pachikuto. Anzanga a ku Cebu ndi ku Mindanao nthawi zambiri saika "po" ngakhale akulankhula Chitagalogi, chifukwa m'chiyankhulo chawo mulibe, ndipo si mwano. Choncho achemwali, mufunse kaye kuti mnzanu aliyense kwawo ndi kuti musanatengere kalankhulidwe kake. Mudzamvanso mawu ambiri a Chisipanishi, makamaka pa nthawi ndi ndalama, monga "alas-tres" ndi "singkwenta pesos", poti Asipanya analamulira kumeneko kuyambira m'ma 1560 mpaka 1898. Mawu a Chingerezi nawo amalowa, koma amavekedwa aphatikira omwewo: "nag-text ako" ndi kunena kuti ndinatumiza uthenga, pomwe "tinext ko siya" ndi kunena kuti ndinamutumizira uthenga, "-in-" uja ali m'kati mwa mawu obwereka.

Nachisale:
Ndayesa kulemba ziganizo zitatu motsatira zomwe mwandiuza, mundikonzere. Choyamba ndi "Ininom na po ba ninyo ang gamot?", pofunsa wachikulire ngati wamwa kale mankhwala aja. Chachiwiri ndi "Gusto ko kumain ng masarap adobo", kunena kuti ndikufuna kudya ndiwo yawo yokoma yotchedwa adobo, ndipo chachitatu ndi "Wala ako pera ngayon", kunena kuti ndilibe ndalama pakali pano.

Bambo Gondwe:
Choyambacho chili bwino kwathunthu, mayi: mneni akuloza mankhwala, "ang" ali pa mankhwala, "ninyo" ndi wa gulu loyenera komanso waulemu, ndipo timawu tonse tafola m'malo mwake. Ziwiri zinazo zikusowa chinthu chimodzi chomwe sitinachikambe, kamlumikizi komwe kamamanga mawu ogwirizana. Kamakhala "-ng" pambuyo pa mawu othera ndi lembo la liwu, "na" pambuyo pa mawu othera ndi lembo lina, ndipo mawu othera ndi "n" amangoonjezera "g". Nyumba yokongola ndi "magandang bahay" kapena "bahay na maganda", mphepo yozizira ndi "malamig na hangin" kapena "hanging malamig". Ntchito yake ikufanana pang'ono ndi ya "ya", "wa" ndi "cha" wathu polumikiza dzina ndi mfotokozi, kungoti iko sikasintha ndi gulu la dzina. Kamafunikanso pambuyo pa "gusto" ndi "wala", ndipo popeza mlowam'malo wathamangira malo achiwiri, kamlumikizi kamamatirira pa iyeyo. Chiganizo chanu chachiwiri chikhale "Gusto kong kumain ng masarap na adobo", ndipo chachitatu chikhale "Wala akong pera ngayon". Pocheza mudzamva ena akumeza "-ng" wa mu "kong", koma wa mu "akong" ndi "na" wa mu "masarap na adobo" musawasiye, chifukwa popanda iwo chiganizo chimamveka chothyoka ngakhale kwa mwana.